Ana anayi, galu mmodzi ndi mkangano wa mawu

Buku langa loyamba la The Famous Five ndinalipeza pamulu wa mabuku akale, aja amayalidwa pansi m'mbali mwa msewu pamodzi ndi magazini othimbirira. Linalibe chikuto, ndipo masamba awiri omaliza anali atathothoka, moti mpaka lero ndimangoganizira mmene akuba aja anagwidwira. Ndinali Fomu 1. Chimene chinandizunguza mutu kwambiri m'bukumo chinali chakumwa. Anawo amati akatopa, n'kukhala pansi, n'kutsegula "ginger beer". Ine chamumtima: ana awa akumwa mowa, makolo awo akudziwa? Panapita zaka ndisanazindikire kuti ndi chakumwa cha jinja chosaledzeretsa, ndipo ndinadziseka nditakumbukira kuti ifenso thobwa timalitchula "sweet beer" tikamafotokozera alendo. Mwana wa ku England atawerenga kuti ana a ku Dedza amamwa "sweet beer" pochokera kumunda, nayenso angagwire pakamwa.

Ndayamba ndi chakumwachi dala, tibwererakonso kutsogoloku. Nkhani yanga lero ndi ya mmene anthu okonda mabukuwa amalankhulira wina akawagwira kuti awakonzenso mogwirizana ndi nthawi ino. Zachitikapo kangapo, ndipo ulendo uliwonse pamabuka phokoso. Ambiri amalitenga phokosoli ngati la akuluakulu amene akukanika kusiyana ndi ubwana wawo. Mwina n'zoona. Koma ukatchera khutu bwino, upeza kuti mbali yaikulu ya mkanganowu ndi ya chiyankhulo: mawu "enieni" ndi ati, ndani angawasinthe, ndipo kodi zimene timakumbukira kuti tinawerenga ndi zimenedi zinalembedwa? Anthuwa ndiziwatchula masapota. Ndikudziwa kuti liwuli ndi la ku mpira, koma khalidwe lake n'lomwelo: timu ndi yawo ngakhale alibemo sheya.

Kwa amene simunawaonepo, mabukuwa analemba ndi Enid Blyton, mayi wa ku England amene anabadwa mu 1897 n'kumwalira mu 1968. Alipo 21. Loyamba, Five on a Treasure Island, linatuluka mu 1942, lomaliza mu 1963. Asanuwo ndi Julian, Dick, mlongo wawo Anne, Georgina amene safuna kumva dzina limenelo koma George basi, ndi galu wake Timmy. Nkhani zake zimayenda mofanana: sukulu yatsekera, ana apita kugombe la nyanja ku Kirrin, apeza phanga kapena njira yobisika ya pansi, atulukira akuba kapena ozembetsa katundu, apolisi afika zonse zitatha kale. Pakati pakepo amadya, ndipo amadya zenizeni. Tikumbukire kuti mabuku oyambawa ankatuluka nthawi imene chakudya ku Britain chinkagulidwa mwa muyezo chifukwa cha nkhondo, ndipo muyezowo unatheratu mu 1954. Mwana wowerenga za mazira owiritsa, nyama ndi makeke ankameza malovu.

Kam'mbali pang'ono: Chingerezi chimati George ndi "cousin" wa atatu enawo, ndipo womasulira wothamanga angalembe kuti msuweni. Komatu bambo ake a George, a Quentin, ndi m'bale wa bambo ake a Julian. Kwathu kuno ana a amuna apachibale ndi abale enieni, ndipo "Uncle Quentin" si malume, ndi bambo aakulu kapena aang'ono. Chisuweni chimene timachidziwa ife, cha nthabwala ndi kuserewulana, m'mabukuwa mulibe.

Mu 2023 BBC, mogwirizana ndi ZDF ya ku Germany, inalengeza kuti ikubweretsanso nkhanizi pa kanema. Anthu anayamba kung'ung'udza asanaone n'chithunzi chomwe, chifukwa cha dzina la mmodzi mwa amene anatsogolera ntchitoyo: Nicolas Winding Refn wa ku Denmark, wodziwika ndi mafilimu a magazi monga Drive ya 2011 ndi The Neon Demon ya 2016. Zinali ngati kumva kuti bambo a kubutchala awalemba ntchito pa sukulu ya mkaka. Gawo loyamba, The Curse of Kirrin Island, lotalika pafupifupi mphindi 90, linaonetsedwa mu Disembala 2023, ndipo ena anatsatira mu 2024. Nkhaniyo anaiika kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, zovala ndi zakalekale, koma nyimbo zake ndi za makiyibodi amagetsi. Chuma chimene akusaka n'chokhudza a Knights Templar, asilikali achipembedzo a zaka mazana ambiri zapitazo, pamene m'buku loyamba chuma chake ndi golide wobwera ndi chombo chimene chinamira, basi. Mdani wawo ndi Jack Gleeson, uja ankadedwa ndi dziko lonse ngati Joffrey mu Game of Thrones. George anasewera ndi Diaana Babnicova, ndipo mayi ake, Fanny, anasewera ndi Ann Akinjirin. Kutanthauza kuti George wa 2023 ndi mwana wa mayi wakuda ndi bambo mzungu.

Panali amene anaikonda. Panali amene anati dzina lokha ndiye la Blyton, zam'katimo ndi za Indiana Jones. Ndipo panali amene anangotaya liwu limodzi, "woke", n'kuzimitsa kanema. Liwu limeneli tiliona pamapeto.

Tiyambe ndi chiganizo chimene chimamveka paliponse zoterezi zikachitika, kaya ndi Star Wars, kaya Ghostbusters ya 2016: "they ruined my childhood". M'Chichewa tingati "andiwonongera ubwana wanga". Taonani mneniyo. Pali kusiyana pakati pa "awononga nkhani" ndi "andiwonongera nkhani". Ka -er- kaja, msintho womchitira umene tinaloweza ku sekondale, timakaphunzira ndi zitsanzo zaulemu: kuphikira mwana, kugulira agogo shuga. Koma kamagwiranso ntchito ya madandaulo: mbuzi zandidyera chimanga, wanditayira ndalama, mwandiphera galu. Wolankhulayo akudziika pamalo pa wolakwiridwa, ndipo akutiuza mosabisa kuti chinthucho chinali chake. Chingerezi chilibe kachidutswa kotere, ndiye chimatsamira pa "my", koma zonena n'zimodzi: mwini ndine. Apa m'pamene pali chodabwitsa. Mwalamulo mwini wa mabukuwa ndi kampani ya Hachette, imene inagula umwiniwo mu 2013. Ndipo buku la wodandaulayo likadali pa shelefu pomwe analisiya, palibe tsamba limene BBC yang'amba. Chimene chakhudzidwa ndi chithunzi cha m'mutu mwake, komanso mantha akuti ana ake akamva dzina loti George aziona nkhope ina, osati imene iye amaiona.

Ngakhale liwu lotchulira ntchitoyo limaulula mbali imene munthu waima. Ku Chingerezi kuli "revival", "remake", "reboot", ndipo okonzawo amakonda "reimagining" chifukwa limawapatsa chilolezo chosintha chilichonse. Ine polemba nkhani ino ndavutika posankha mneni. Ndikati BBC yadzutsa nkhanizi, ndiye kuti zinangogona. Ndikati yaukitsa, ndiye kuti zinafa ndipo tiyamike. Ndikati yafukula, ndaiimba mlandu, chifukwa chofukulidwa ndi chimene chinayenera kusiyidwa m'manda. Ndikati yafunditsa mkute, mwamva kale kuti sindikuyembekezera chakudya chokoma. N'chifukwa chake pamwambapo ndinathawira ku "kubweretsanso", liwu lopanda mchere, kuti ndisakusankhireni mbali.

Koma mkangano umene umatiphunzitsa zambiri ife a zachiyankhulo unachitika kanemayu asanabwere. Mu 2010 kampani yosindikiza ya Hodder inatulutsa mabuku 10 oyamba atakonzedwa mawu. Ankati ana a masiku ano akugwa ulesi ndi Chingerezi chakale. Sanaikemo mafoni kapena intaneti, nkhani inali yomweyo, anangosintha mawu amene anawaona ngati okalamba. "Mother" ndi "father" anasanduka "mum" ndi "dad". "Housemistress" anasanduka "teacher". "School tunic" inasanduka "uniform", "peculiar" anasanduka "strange", "swotter" anasanduka "bookworm", "tinker" anasanduka "traveller", ndipo "jolly" m'malo ena anangomuchotsa.

Ukaona mndandandawu mothamanga, zonse zimaoneka zofanana: mawu akale atuluke, atsopano alowe. Koma si zofanana, ndipo masapota ambiri anazisiyanitsa bwino kuposa osindikizawo. Tony Summerfield wa bungwe la Enid Blyton Society ananena nthawi imeneyo kuti savutika ndi kusintha mawu onyoza mtundu wa anthu kapena amene tanthauzo lake linasuntha, koma amakana kusintha kongosinthira.

Tengani "tinker". Poyamba ndi munthu woyendayenda wokonza mapoto ndi ziwiya, koma liwuli linasanduka chitonzo kwa anthu a mtundu woyendayenda a ku Ireland ndi Britain. Pali anthu amoyo amene limawabaya. Ifenso tikuzidziwa izi. Agogo athu ankati wopunduka, ife tinakula tikuti wolumala, lero pa wailesi timamva munthu waulumali. Mawu amene tinkaitanira anthu a khungu lachialubino tili ana, lero munthu wozindikira sawatulutsa pakamwa. Mwana akafunsa chifukwa, yankho lilipo. Palinso mawu ngati "queer" ndi "gay", amene Blyton ankatanthauza "chachilendo" ndi "wosangalala". Awa sanakalambe, anasamuka, ndipo mwana wa lero angamve zina. Ngakhale mayina amasamuka: m'mabuku ena a Blyton, a Faraway Tree, Dick ndi Fanny anawasintha kukhala Rick ndi Frannie, chifukwa mayina akalewo pano amatchula ziwalo zobisika m'Chingerezi cha mumsewu. Mu The Famous Five anawasiya, ndipo ana a ku Britain amasekabe chamumtima.

Nanga "mother" analakwa chiyani? Palibe mwana wolankhula Chingerezi amene sadziwa liwuli. Silinyoza, silinasamuke. Chimene limachita n'kutiuza kuti anawa ndi a nthawi iti ndiponso a banja lotani: ana a sukulu zogonera konko zolipira, kwawo kuli wophika, ndipo banja la George lili ndi chilumba chakechake. Yerekezani nkhani ya pa mishoni cha m'ma 1940, mwana wa mphunzitsi akugwada n'kunena kuti "Amayi, abambo akukuitanani." Mkonzi wina n'kubwera, n'kuti ana a lero salankhula choncho, n'kulemba "Amami, adadi akukuitanani." Winanso wofuna kukopa achinyamata n'kuti "Masteni, madala akukufunani." Ziganizo zitatuzi tanthauzo n'limodzi, koma nyumba zake n'zosiyana. Choyamba ndikuona nyali ya palafini, chachiwiri ndikuona mpanda wa njerwa ndi geti, chachitatu ndikuona anyamata atakhala pa mlatho. Ukasintha liwu n'kusiya nyali ya palafini ija, nyumba imapendekeka. N'zimene zinachitikira mabuku a 2010: ana olankhula ngati a lero, koma opanda foni, oyenda okha masiku angapo pa njinga, ogula mkaka pa famu iliyonse imene apeza.

"Swotter" ndiye anataya mano. Liwuli ndi lonyodola mwana wowerenga mokakamira kuti akhoze mayeso, uja anzake amamuseka. "Bookworm" ndi wongokonda mabuku, mwina mpaka kumutamanda. Mwana amene ankanyoza mnzake m'buku lakale, m'buku latsopano akungomufotokoza. Khalidwe lake lasintha popanda aliyense kulamula kuti lisinthe.

Ndiye pali "jolly". M'mabukuwa nthawi zambiri satanthauza chisangalalo, ndi liwu lokometsera, lokuza chimene chikunenedwa. Ife tili nawo ambiri: kwambiri, zedi, kwabasi, koopsa, ndi "hevi" wa achinyamata. Onse akunena chinthu chimodzi, koma aliyense ali ndi mwini wake. "Nsimayi ikukoma kwabasi" ndi azakhali anga. "Ikukoma hevi" ndi mng'ono wanga. "Ikukoma kwambiri" ndi aliyense, kutanthauza kuti si munthu aliyense wodziwika. Mkonzi amene angadutse m'buku n'kuchotsa "kwabasi" aliyense n'kuikapo "kwambiri" sananame pa tanthauzo, koma wachotsamo azakhali anga.

Mu 2016 a Hodder anavomera poyera kuti kukonza kuja sikunathandize. Anne McNeil, mkulu woona zosindikiza mabuku a ana kumeneko, anati zimene anamva kwa owerenga zinaonetsa kuti kusinthako kunali kosafunika, ndipo anabwerera ku mawu akale, kupatula malo onyoza amene anali atakonzedwa kale. Pa nkhondo iyi masapota anapambana, ndipo ine ndikuona kuti anali ndi mfundo. Mwana sathawa buku chifukwa cha liwu limodzi lachilendo. Ine "ginger beer" sanandithamangitse, anandikokera m'kati.

Tsopano tibwerere ku chakumwa chija, chifukwa apa masapota nawonso amagwidwa. Mukafunsa munthu wa ku Britain kuti atchule mawu odziwika a The Famous Five, ambiri anena kuti "lashings of ginger beer", kutanthauza chakumwacho chochuluka mosefukira. Manyuzipepala amawaika pamutu pa nkhani iliyonse yokhudza Blyton. Komatu mawu amenewa, motsatizana choncho, m'mabuku 21 aja mulibe. "Lashings" alimo, ponena za zakudya zina. "Ginger beer" alimo. Kuwalumikiza kunatchuka ndi sewero lonyodola mabukuwa, Five Go Mad in Dorset, limene gulu la The Comic Strip linaonetsa pa Channel 4 tsiku limene kanemayo anatsegulidwa, mu Novembala 1982. Ndiye kuti chiganizo chimene anthu amachigwira ngati chizindikiro cha Blyton weniweni chinachokera kwa anthu amene ankamuseka.

Si chokhacho. Amene lero ali ndi zaka za m'ma 50 ndipo akuti BBC yawononga "zenizeni", ambiri a iwo anakula akuonera The Famous Five ya pa kanema ya 1978. Imeneyo nkhani anaiika m'nthawi yawo yomweyo, ana atavala majinzi. Mabuku amene ankagula nthawi imeneyo anali atakhudzidwa kale: Britain itasintha ndalama zake mu 1971, mashereni a m'nkhanizo anayamba kusinthidwa m'mabuku osindikizidwanso. Chimene munthu amachitcha choyambirira, nthawi zambiri ndi chimene iye anayamba kukumana nacho. Kenaka kunabwera ina ya 1995 imene inabwezera nkhanizi ku zaka za m'ma 1950, ndi katuni ya 2008, Famous 5: On the Case, ya ana a asanu aja, okhala ndi mafoni ndi makompyuta, mmene mwana wa George ndi Jyoti, wa magazi a ku India. Aliyense mwa awa ali ndi mbadwo wake umene umauona ngati wenieni. Ngakhale BBC yomwe ikutamanda Blyton leroyi, makalata ake akale amene anatulutsidwa mu 2009 anaonetsa kuti kwa zaka pafupifupi 30 inkamukana pa wailesi, ikumuona ngati mlembi wotsika.

Zimenezi zimandikumbutsa nthano za madzulo. Agogo akamasimba ya Kalulu, sabwereza mawu amodzimodzi usiku uliwonse. Lero chitsime akumba ndi Njovu, mawa atsogolera ndi Mkango, ndipo palibe amene amadandaula. Koma ayerekeze kusintha kanyimbo ka pakati paja, kapena adumphe "Padangokhala" kuti tiyankhe "Tili tonse", ana onse amadzuka: "Agogo, sizikhala choncho!" Nthano ili ndi mbali yofewa imene wosimba amaiumba mmene afunira, ndi mbali youma imene omvera amailondera. Mbali youmayo kawirikawiri ndi yaing'ono, ndipo ndi imene omvera amainena nawo ndi pakamwa pawo. Kwa masapota a Blyton, mbali youma ndi "jolly", "gosh", "golly", mndandanda wa zakudya, ndi kukana kwa George kutchedwa Georgina. Akuba angakhale ena, phanga lingakhale lina. A Hodder mu 2010 anasiya mbali yofewa n'kugwira youma. Ndipo monga mmene kanyimbo ka kumudzi kwanu kamasiyanira ndi ka kumudzi kwathu, aliyense n'kumalumbira kuti kake ndiko kenikeni, mbali youma ija ingathe kukhala yobwera dzana, ngati "lashings" uja. Kafunseni makolo anu za Timve ndi Tsala, muone mmene angakanganirane za zimene zinali pa tsamba liti.

Tifike kwa "woke". Liwuli linachokera m'Chingerezi cha anthu akuda a ku America, ndipo tanthauzo lake linali kukhala maso, kuchenjera ndi tsankho limene lingakuphe. Woimba Lead Belly anamveka akuligwiritsa ntchito mu 1938, pochenjeza anthu akuda odutsa ku Alabama, atatha kuimba za anyamata a ku Scottsboro amene ananamiziridwa mlandu. Linafala kwambiri mu 2014 Michael Brown ataphedwa ndi wapolisi ku Ferguson, ndipo mu 2017 linalowa mu Oxford English Dictionary ndi tanthauzo limeneli. Pasanathe zaka zambiri linatembenuzidwa. Amene ankadzitcha choncho analisiya, ndipo analitola ndi owatsutsa, n'kulisandutsa chitonzo cha chilichonse chimene akuchiona ngati chokakamiza: mzimayi pamalo pamene panali mwamuna, wakuda pamalo pamene panali mzungu, liwu lochotsedwa m'buku.

Ife tisadabwe, tili ndi athu. "Jenda" analowa m'Chichewa kudzera m'misonkhano ndi pa wailesi m'zaka za m'ma 1990, akutanthauza kusasiyanitsa amuna ndi akazi pa mwayi ndi ntchito. Lero tamverani bambo amene mkazi wake wamupempha kuti atereke madzi: "Za jenda zanuzo kuno ayi." "Demokalase" anayenda njira yomweyo 1994 itadutsa: mwana akayankha mwamwano, akuluakulu amati ndi demokalase imeneyi. "Wotsogola" ndi "wozindikira" angakhale chiyamiko kapena chitonzo malinga ndi mmene wakwezera mawu. Mawu oterewa akafika pamenepa amasiya kufotokoza chinthu, amangosonyeza kuti wolankhulayo ali timu iti.

Vuto langa ndi "woke" pa nkhani ya 2023 ndi lakuti anaphimba madandaulo amene anali omveka. Munthu angafunse moona mtima ngati nyimbo zamagetsi zikugwirizana ndi 1930, kapena chifukwa chake anasiya nkhani 21 zokonzeka kale n'kupeka ya a Templar. Ineyo funso lachiwirili ndili nalo. Kukoma kwa mabuku aja n'kwakuti zoopsa zake n'zazing'ono, zoti mwana angakhulupirire kuti zingamuchitikire kuseri kwa phiri la kwawo. Ukaikamo matemberero ndi chuma chogwedeza dziko lonse, wachoka ku Kirrin. Koma mafunso amenewa anaunjikidwa m'thumba limodzi ndi dandaulo la khungu la George, thumbalo n'kulembedwa liwu limodzi, ndipo aliyense wodandaula za nyimbo ankayamba wadziyeretsa kaye kuti iye si wa gulu lija.

Za khunguzo zili ndi mbiri yake. Blyton anadzudzulidwa za tsankho akadali moyo. Mu 2016 komiti yolangiza Royal Mint inakana kumuika pa ndalama yachikumbutso pa chifukwa chimenechi, ndipo mu 2021 English Heritage inawonjezera mfundoyi pa zimene imalemba za iye, zimene zinautsanso phokoso lina. M'mabuku a The Famous Five, munthu wakuda khungu, wachilendo kapena woyendayenda akatulukira, wowerenga amadziwiratu kuti akayikiridwa. Amene amati George wa 2023 si wa Blyton akunena zoona, Blyton sakanamulemba choncho. Koma mabukuwa sanawerengedwe ku England kokha. Anafika ku India, ku Nigeria, ku Zambia, mpaka pamulu uja ndinatolapo langa. Ine ndinkadziwa ndithu kuti George ndi mzungu, koma poti buku langa linalibe chikuto, m'mutu mwanga ankaoneka ngati mtsikana wina wa kwathu wometa tsitsi amene ankatiposa tonse kukwera mtengo wa mango. Ndikanati ndilankhule ngati sapota, ndikanati zithunzi za Eileen Soper, amene anajambula mabuku oyambirira, zinandiwonongera George wanga tsiku limene ndinaziona. Ka -er- kaja ndi kanganso.

Chichewa chimamuchitiranso George chinthu china chimene Chingerezi sichingathe. M'mabukumo nthabwala yaikulu ndi ya anthu kumuyesa mnyamata, ndipo iye amasangalala akamutchula choncho, koma wolemba amayenera kusankha "she" m'chiganizo chilichonse. Ife tili ndi "iye" mmodzi yekha. "Anathamanga, anakwera bwato, anakana kulira": palibe pamene mneni akuulula. George womasuliridwa m'Chichewa angayende masamba ambiri popanda chiyankhulo kumukumbutsa chimene safuna kukumbutsidwa, mpaka wina atanena kuti "mtsikana iwe".

Tchuthi chathachi ndinayesa zimenezi pa mwana wa achemwali anga, wa Sitandade 6. Ndinamuwerengera mutu umodzi m'Chingerezi, ndikumasulira apo ndi apo. Ndinkayembekezera kuti aima pa "jolly", ndipo ndinali nditakonzeka ndi "kwabasi" wanga. Sanaime. Anangomva kuti ndi mmene anawo amalankhulira, ndipo pofika madzulo ankauza galu wa pakhomo kuti ndi "jolly good dog". Pa "ginger beer" anafunsa ngati ndi mowa, ndinamuuza za thobwa, anagwedeza mutu. Anandiimitsa penapake pamene ine sindinaimepo ndili Fomu 1. Anawo anali atamanga msasa, anyamata ndi George apita kukafufuza, Anne watsala akukonza pogona ndi kutsuka mbale, ndipo bukulo likuti akusangalala nazo. Mwanayo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amalume, nanga Julian manja alibe?"